Tizigoba tobooka pansonga: kodi mwana angatengeko likodzo?

Funso:

"Ndine mayi wa ku Liwonde, koma pano tikukhala ku Nacala, ku Mozambique, komwe bambo a kunyumba akugwira ntchito ya za njanji. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 amakonda kutola zigoba tikapita kugombe la Fernão Veloso. Pa zimene watola pali tizigoba tina tating'ono, tosapiringizika ngati nkhono zakwathu, tooneka ngati kachipewa, ta mizeremizere, ndipo kalikonse kali ndi chibowo pamwamba. Masiku apitawa adakanganula kamodzi kamoyo pamwala n'kubwera nako m'botolo. Apongozi anga, omwe abwera kudzationa, akuti zibowozo n'za mbozi, nkhonozo n'zodwala, ndipo mwanayu atenga likodzo ngati ana a kumudzi. Akufuna titaye zonse. Kwinaku mnzanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp woti magazi a nkhono zobookazi amachiza khansa, anthu azidya. Mutu wanga waima. Kodi n'zoopsa? Zimadyedwa? Nanga kamoyoka tikasunge bwanji? Zithunzi ndatumiza."

Mayi wa ana awiri, Nacala

Yankho:

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu ndi zithunzi zija. Mtima ukhale m'malo. Tizigoba timene mwana wanu watola si todwala, mbozi sinatiboole, ndipo likodzo sangalitenge potigwira kapena posamba m'nyanja imene tidachokeramo. Chibowo cha pansongacho n'chachibadwa. Nkhono ya mtundu umenewu imachipanga yokha pamene ikukula, ndipo ndi pomwe pamatulukira madzi amene yatha kupumira. Apongozi anuwo musawaone ngati akuopa zachabechabe. Munthu amene wakhala m'mbali mwa Shire kapena nyanja ya Malombe, n'kuona ana akukodza magazi, akamva za nkhono ya m'madzi amayamba waganiza likodzo, ndipo kwathuko amakhala akulondola. Kungoti nkhono za m'madzi a mchere ndi zina, ndipo zoyenera kusamala nazo pagombe limenelo ndi zinanso.

Akatswiri amaziika nkhonozi m'banja lotchedwa Fissurellidae. Pa Chingerezi amati keyhole limpet, ndipo pa Chipwitikizi mudzamva akuti lapa, dzina limene amatchuliranso nkhono zina zomata pamiyala zopanda chibowo. Banjali lili ndi mitundu mazanamazana, yambiri ya m'nyanja zotentha. Za pa zithunzi zanu, poona kuchepa kwake, mizere yotsika kuchokera pansonga yopingasana ndi ina yozungulira, komanso chibowo chimene chili cha kutsogolo pang'ono osati pakati penipeni, ndi za m'gulu la Diodora. Mtundu wa gululi wodziwika kwambiri pagombe la kum'mawa kwa Africa ndi Diodora ruppellii, kankhono ka masentimita 2 kapena 3, kopezeka kuyambira ku Nyanja Yofiira, kutsika ndi Tanzania ndi Mozambique, mpaka ku Madagascar ndi zilumba zoyandikira. Dzinali lidachokera kwa Eduard Rüppell wa ku Frankfurt, ku Germany, amene adayenda m'mbali mwa Nyanja Yofiira ndi ku Ethiopia m'ma 1820 ndi m'ma 1830 akutolera zamoyo. Amene adakalemba m'mabuku a sayansi ndi George Brettingham Sowerby wa ku London, m'ma 1830 momwemo. Kuchepa konseko, kankhonoka kadafika patali. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, kadadutsa pang'onopang'ono mpaka kukakhazikika m'nyanja ya Mediterranean, ndipo lero kamapezeka kugombe la Israel ndi Turkey komwe kale kunalibe.

Muuzeni mwanayo atembenuze chigoba chimodzi, ayang'ane mkati ali powala. Kuzungulira chibowocho aona kamkombero kokhuthala, koyera, kosalala. Mwa Diodora kamkomberoka kamaoneka kodukiza mbali yakumbuyo, pamene mwa abale ake a gulu la Fissurella kamazungulira bwinobwino mbali zonse. Aonanso chipsera chonga chilembo cha U, chotseguka cha kutsogolo. Pamenepo ndi pamene padamata mnofu wogwira chigobacho. Kamkomberoka ndiye umboni woti mupite nawo kwa agogo ake, chifukwa bala lochita kubooledwa silikhala ndi m'mphepete mokonzedwa chotero. Kenaka ndandalikani zigoba zonse patebulo, muwaitane adzaone okha. Chibowo chili malo amodzimodzi pa chigoba chilichonse, n'chotalikirapo mbali imodzi, ndipo pa zonse chaloza kumodzi.

Zigoba zobooledwa ndi adani zilipodi pagombe lomwelo, ndipo m'thumba la mwana wanu mwina zilimo. Pali nkhono zodya zinzake, za m'mabanja a Naticidae ndi Muricidae. Imakwera pa chigoba cha inzake, imatulutsa timadzi tofewetsa chigobacho, n'kumapala ndi lilime lake la timano tambirimbiri kwa maola ambiri, mwina masiku, mpaka kuboola. Chibowo chotere chimakhala chozungulira bwinobwino, sichikhala ndi malo ake enieni, ndipo cha Naticidae chimakhala chachikulu kunja, chopanikiza mkati. Octopus, kanyama ka m'nyanja ka manja asanu ndi atatu, nayenso amaboola kabowo kakang'ono kolowetsera ululu wake. Ndiye pali zigoba zakale zodzadza timabowo ponseponse, zimene zidadyedwa ndi siponji, kachamoyo kofewa ka m'nyanja kokumba m'zigoba. Zonsezi sizipatsa munthu matenda.

Chifukwa chake cha chibowocho ndicho chimandikoka mtima pa kanyamaka. Nkhono iliyonse ikadali kamphutsi, thupi lake limapotoka, moti kotulukira zonyansa, kumene kukadakhala kumbuyo, kumabwera kutsogolo, pamwamba pa mutu, moyandikana ndi ziwalo zopumira. Vuto mukuliona nokha: madzi abwino opumira ndi madzi a zonyansa akumana pakhomo limodzi. Mitundu yambiri ya nkhono za m'nyanja idatsala ndi chiwalo chopumira chimodzi, madzi n'kumalowera kumanzere, kutulukira kumanja. A Fissurellidae adasunga ziwalo zonse ziwiri, cha kumanzere ndi cha kumanja, n'kutsegula khomo lachiwiri pamwamba. Madzi amalowera pansi pa mlomo wa chigoba cha kumutu, amadutsa m'ziwalo zopumira zija, amakwera, n'kutulukira pachibowo atanyamula ndowe ndi mkodzo wa kanyamako. N'chimodzimodzi khitchini ya udzu yomwe mwasiya mpata pansonga ya denga: mpweya umalowera pakhomo, utsi n'kutulukira pamwamba, wophika osatsamwa. Chokankha madziwo ndi timaubweya tosaoneka ndi maso, tokuta ziwalo zopumirazo, tomwe timakupiza usana ndi usiku osapumula.

Kankhonoka sikaswedwa ndi chibowo. Kakangoyamba moyo kamakhala ndi kachigoba kopiringizika monga nkhono zina. Kenaka m'mphepete mwa chigoba, cha kutsogolo, mumatseguka kampata. Chigobacho chikamakula chimatseka kunsi kwa mpatawo, mpata uja n'kusanduka chibowo, ndipo pamene m'mphepete mukufutukuka chibowocho chimatsalira m'mwamba mpaka kukhala pansonga, kanyamako n'kumachikuza posungunula m'mbali mwake. Abale ena, a gulu la Emarginula, mpata wawo umakhala m'mphepete moyo wonse, choncho mwana wanu akapeza kachigoba kong'ambika kutsogolo mowongoka bwino asataye poyesa kuti kasweka. M'bale wina wotchuka ndi abalone, amene a ku South Africa amati perlemoen, wa zibowo zingapo zondondozana zogwira ntchito yomweyi. Nkhono zomata pamiyala zopanda chibowo zija, zomwe munthu angayese kuti ndiwo abale apafupi, ubale wake ndi wakutali ndithu. Zidangofanana maonekedwe chifukwa mafunde amene zimalimbana nawo ndi amodzi, ndipo chigoba chachifupi, chomata zolimba, ndicho sichikokoloka.

Zimenezi mwana angathe kuziona ndi maso ake, ndipo umu ndi mmene ndimawaonetsera ana asukulu. Madzi akaphwa, pezani kathamanda ka pamiyala momwe muli kankhono kotere m'madzi odekha. Tengani mkaka pang'ono m'kapaipi komwera zakumwa, mudonthezere pang'onopang'ono pamlomo wa chigoba, mbali imene mukuona tinyanga tiwiri, osavundula madzi. Dikirani pang'ono. Muona kamtambo koyera kakutuluka pansonga. Masana kanyamaka kamabisala pansi pa miyala ndi m'ming'alu, kutada ndi pamene kamayenda, kakupala pamwala ndi lilime lake, kudya ndere ndi tizamoyo tomata, makamaka masiponji, omwe a Diodora amawakonda. Chibowocho chili ndi kuipa kwakenso. Kankhonoka kakatsala pouma kamataya madzi msanga, n'chifukwa chake mumakapeza kumunsi, kumene madzi amachokako kanthawi kochepa kapena sachokako n'komwe, pamene zopanda chibowo zija zimapirira dzuwa pamwamba pa thanthwe. Podziteteza, a gululi ali ndi nzeru zawo. Diodora aspera, wa kugombe la kumadzulo kwa North America, akakhudzidwa ndi starfish, kanyama ka miyendo isanu kodya nkhono, amatambasula mnofu wake woterera n'kuphimba chigoba, mdaniyo n'kusowa pogwira. Pansi pa chigoba chake kawirikawiri pamagonanso kanyongolotsi, kamene kamasuzumira kunja n'kuluma timiyendo ta mdaniyo.

Tizilombo ta likodzo la anthu timafuna zinthu ziwiri: madzi opanda mchere, ndi nkhono za mitundu yake yeniyeni. Likodzo la m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi lija, limadutsira mwa nkhono za gulu la Bulinus, ndipo la m'matumbo limadutsira mwa za gulu la Biomphalaria. Zonsezi n'za m'mitsinje, m'madambo, m'madamu, m'minda ya mpunga ndi m'nyanja zakwathu monga Malawi, Malombe ndi Chilwa. Wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, timphutsi timalowa m'nkhono, timachulukana m'menemo kwa milungu ingapo, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kuwedza. Madzi a m'nyanja ya Indian Ocean ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse. Bulinus ndi Biomphalaria sizikhalamo, timphutsito sitingapirire, ndipo mwa Diodora sitingakulemo. Ngakhale chigoba chouma cha Bulinus weniweni sichipatsira munthu likodzo, chifukwa matendawa amalowera m'madzi.

Koma ndikufuna mumve bwino apa: likodzo m'dera limene mukukhalalo lilipo, kungoti lili kumtunda. Chigawo cha Nampula, momwe muli Nacala, ndi chimodzi mwa zigawo za Mozambique komwe matendawa ali ofala. Zithaphwi za m'dzinja, timitsinje ndi madamu momwe ana amasambira pochokera kusukulu, kumeneko ndi kumene mantha a agogo ayenera kuloza. Ngati mwanayu amasambira m'malo otere, kapena adasambapo mu Shire muli kwanu, mupite naye kuchipatala akamuyeze mkodzo ndi chimbudzi, ngakhale asakudandaula kanthu. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, kupweteka pokodza, kapena chimbudzi cha magazi, musadikire. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa potengera kulemera kapena kutalika kwa mwana, ndipo amagwira bwino ntchito. Nthawi zina mwana amatuluka m'nyanja ya mchere ali ndi totupa toyabwa pakhungu. Izo zimabwera ndi tizamoyo tina ta m'nyanjamo, zimatha pakapita masiku ochepa, ndipo si likodzo.

Nkhono imene ndikufuna mwana wanu aidziwe ndi kuiopa ndi ina, ndipo ndi yokongola moti mwana aliyense amaithamangira. Ndi ya gulu la Conus: chigoba chosalala, chonenepa mbali imodzi n'kusongoka mbali inayo, cha mawangamawanga a bulauni ndi oyera, cha khomo lalitali lopapatiza. Imapezeka pagombe la kumpoto kwa Mozambique, mumchenga ndi pansi pa miyala ya korali, miyala yomangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja. Imasaka ndi kamuvi ka ululu kotulukira kosongokako, ndipo kachitamba kake kamatha kupindika mpaka kufika pa chala chimene chaigwira kumbuyo. Mitundu ina, monga Conus geographus, idaphapo anthu. Mankhwala othetsa poizoni wakeyo kulibe, ndipo chopulumutsa munthu ndi kufika msanga kuchipatala komwe angamuthandize kupuma. Lamulo kwa mwana likhale lalifupi: chigoba cha maonekedwe amenewo chikakhala m'madzi, asachigwire, asachiike m'thumba la kabudula. Akabayidwa, n'kuyamba kumva dzanzi pabala kapena pamilomo, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuvutika kumeza kapena kupuma, kulungani mkono wonse ndi bandeji molimba koma osatseka magazi, asauyendetse, muthamange naye kuchipatala. Musatemere, musayamwe pabalapo.

Zofala kuposa pamenepo ndi minga ya sea urchin, tinyama takuda tozungulira ta minga yaitali, komanso kudzicheka pa korali ndi pa zigoba za oyster, nkhono za zigoba ziwiri zomata pamiyala. Azivala nsapato zotseka za pansi pokhuthala, zomwe zimathandizakonso kwa stonefish, nsomba ya ululu yogona pansi yosasiyana ndi mwala. Wobayidwa ndi minga yotere aviike phazi m'madzi otentha mmene angapirire osapsa, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Ngati ndi stonefish, kapena munga wathyokera pafupi ndi mfundo, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala. Bala la korali litsukidwe bwino ndi sopo ndi madzi oyera tsiku lomwelo. Likayamba kufiira, kutupa kapena kutulutsa mafinya, kapena mwana akatentha thupi, mupite naye, ndipo mukafunsenso za katemera wa kafumbata. Chinanso, ife okulira kunyanja ya Malawi sitidazolowere madzi othawa ndi kubwerera. Kumeneko madzi amaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku, ndipo pa mdima wa mwezi ndi pamene mwezi uli wathunthu kusiyana kwake kumafika mamita angapo. Nthawi yabwino yoonera nkhonozi ndi yomweyo imene madzi amapita kutali n'kubwerera mwaliwiro. Funsani asodzi kapena amayi otola nkhono nthawi imene madzi abwerere, ndipo mwana asapite yekha kumiyala yakutali.

Kamoyo kaja, ngati kakadamatabe m'botolomo, kabwezeni lero kapena mawa pamalo pomwe kadachokera, pansi pa mwala umene uli m'madzi, mukagwirizize pang'ono mpaka kamate. Kunyumba sikangakhale. Madzi a pampopi amakapha msanga, ndipo kuthiramo mchere wa m'khitchini sikusandutsa madziwo kukhala a m'nyanja. Ngakhale a m'nyanja enieni, m'botolo mpweya umatha, amatentha, ndipo chakudya chake mulibe. Oweta zamoyo za m'nyanja m'mathanki a galasi amakhala ndi mapampu, zosefera ndi miyala yochokera m'nyanja momwemo, ndipo ambiri a iwo Diodora amangomupeza atabwera ndi miyalayo, ena n'kumadandaula kuti akuwadyera masiponji ndi makorali. Ngati kagadama, sikakumata, ndipo kayamba kununkha, kafa. Mwanayo musam'kalipire, chidwi chakecho n'chabwino, chikungofuna kuwongolera. Muuzeni kuti kukanganula nkhono yomata kumang'amba phazi lake, moti imatha kufa ngakhale mutaibwezera. Muuzeninso chimene ndimabwereza kwa aliyense wopita nane kumiyala: mwala ukautembenuza, uubwezere mmene unaliri, pang'onopang'ono. Zamoyo za pansi pake zikayang'ana dzuwa zimafa, ndipo pamatenga nthawi yaitali kuti pamerenso kanthu. M'magombe otoledwa kwambiri ndaona malo aakulu a miyala yogadamitsidwa, yoyera mbuu, yopanda chamoyo n'chimodzi chomwe, ndipo zimandiwawa chifukwa amene adzavutike nazo ndi mabanja omwe amadya za pamiyala pomwepo.

Uthenga wa pa WhatsApp uja sudangochokera m'mutu mwa munthu, koma wapotozedwa panjira. Magazi a nkhonozi amanyamula mpweya ndi puloteni yokhala ndi kopa m'malo mwa ayironi, yotchedwa haemocyanin, n'chifukwa chake amaoneka abuluu. Pali mtundu umodzi waukulu, Megathura crenulata, wa kugombe la California ndi Baja California ku Mexico, womwe chigoba chake chimatha kupitirira masentimita 10. Puloteni ya m'magazi ake, yodziwika ndi zilembo zoti KLH, imadzutsa kwambiri chitetezo cha m'thupi la munthu. Asayansi akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri poyeza mphamvu ya chitetezocho ndi pomangirirapo tinthu tina m'makatemera oyesera, ndipo m'mayiko ochepa madokotala adaigwiritsapo ntchito pa khansa ya m'chikhodzodzo imene sinazame, pofuna kuti isabwerere pambuyo pa opaleshoni. Koma imeneyo ndi puloteni yoyengedwa mosamala, yochokera ku mtundu umodzi wa ku America, yoperekedwa ndi dokotala kudzera mu jakisoni kapena kapaipi kolowa m'chikhodzodzo. Ikadyedwa imagayidwa m'mimba monga puloteni ina iliyonse. Kudya tinkhono ta ku Nacala kapena kumwa madzi ake sikuchiza khansa ya mtundu uliwonse. Mauthenga otere ndimadana nawo chifukwa amachedwetsa odwala mpaka matenda atafika poipa. Ndipo likodzo lija likubweranso pano, chifukwa la m'chikhodzodzo likakhala zaka zambiri osachizidwa limatha kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo, imene madokotala a ku Malawi ndi ku Mozambique amaidziwa bwino. Munthu wamkulu amene wakodza magazi, ngakhale kamodzi ndiponso popanda kupweteka, akayezetse, ndipo ngati magaziwo sakusiya atamwa praziquantel, apemphe kuti amuunike chikhodzodzo. Mnzanuyo mufunseni mwachifatse ngati pali wodwala amene akumuganizira potumiza uthengawo.

Nkhono za banjali zimadyedwa m'mayiko ena. Ku Chile ndi ku Peru kuli mitundu ikuluikulu ya Fissurella imene asodzi amatola, kugulitsa m'misika ndi kuika m'zitini, mpaka boma la Chile lidaika muyeso wa kukula kwa nkhono yololedwa kugwira. Koma tating'ono ta Diodora tilibe nyama yoti munthu n'kuvutikira, ndipo poti timadya masiponji, omwe ena ali ndi mankhwala awo odzitetezera, sindikulangizani kutidya. Mukafuna kulawa za m'nyanja, gulani zimene amayi a kumeneko amatola ndi kudyetsa mabanja awo, ndipo afunseni kumene azitola. Choopsa chachikulu pa nkhono za m'nyanja ndi madzi amene zakuliramo. Za pafupi ndi doko, ndi ngalande za m'tauni kapena malo amene anthu amadzithandizira zimatha kunyamula kolera, taifodi ndi matenda a chiwindi a hepatitis A, ndipo kolera yavutitsa chigawo cha Nampula m'zaka zaposachedwa, kuphatikizapo 2023. Gulani zamoyo, tayani zakufa kale ndi zonunkha, phikani mpaka zipse bwino. Kufinyira mandimu pa yaiwisi sikupha tizilombo. Mayi woyembekezera, munthu wa matenda a chiwindi ndi wa chitetezo chotsika asayerekeze zosapsa. Madzi a m'nyanja akasintha mtundu, kufiira kapena kuderako, nsomba n'kumafa zokha, musadye nkhono iliyonse ya m'deralo, chifukwa poizoni wa nthawi imeneyo satha ndi moto. Wina akamva dzanzi pamilomo atadya, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Palinso anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhono zomata pamiyalazi. Madokotala a ku Japan ndi ku zilumba za Canary adalembapo za anthu amene adabanika kwambiri atazidya, ndipo ku Canary ambiri anali odwala mphumu odana ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba. Ngati mwana wanu ali ndi mphumu, samalani kwambiri. Kutupa milomo kapena nkhope, ziwengo thupi lonse ndi kubanika atadya ndi zothamangira kuchipatala.

Zigoba zopanda kanthuzo asunge, palibe chifukwa chotayira. Ziviikeni m'madzi oyera usiku umodzi, muzitsuke ndi mswachi wakale, muziyanike pamthunzi. Kakufa kaja chotsani mnofu ndi kamtengo, mukatsuke chimodzimodzi. Viniga ndi mandimu musayandikize, amasungunula chigoba. Zigoba zopiringizika zimene amatola aziyamba wasuzumira mkati, poti zambiri mumakhala tinkhanu tobwereka nyumba, ndipo zimenezo azisiya pomwepo. Mukamabwerera kumudzi kumbukirani za pachipata. Nkhono zobookazi sizili pa mndandanda wa pangano la CITES loteteza zamoyo pa malonda a pakati pa mayiko, koma makorali olimba ndi zigoba zikuluzikulu za Tridacna zilipo, ndipo Malawi ndi Mozambique onse ali m'panganolo. Zoterozo musanyamule popanda chilolezo, angakulandeni ku Nayuchi kapena ku Chiponde. M'malo otetezedwa monga Quirimbas National Park, ku Cabo Delgado, kutola kuli ndi malamulo ake, choncho yambani mwafunsa oyang'anira.

Ngati mwanayu akufuna kupita nazo patsogolo, m'gulireni kope. Pa chigoba chilichonse alembe tsiku, malo, ndiponso ngati adachipeza pamchenga kapena pamiyala, chifukwa chigoba chosadziwika kochokera katswiri sangachitepo zambiri. Ajambule katatu, pamwamba, mkati ndi chammbali, rula ili pambali. Zithunzizo mungaziike pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist, pomwe odziwa nkhono a m'mayiko ambiri amathandiza kutchula mayina. Pafupi ndi inu, yunivesite ya Lúrio ili ndi gawo la sayansi ya zachilengedwe ku Pemba. Ku Maputo kuli Museu de História Natural, ndipo KwaZulu-Natal Museum ya ku Pietermaritzburg imasunga zigoba zambiri za kugombe la kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Kwa ine, tumizaninso chithunzi cha mkati mwa chigoba chachikulu pa zonsezo, chojambulidwa powala. Mitundu ya Diodora ya m'nyanja imeneyo imafanana kwambiri, ndipo kuti ndikupatseni dzina lenileni ndiyenera kuwerenga mizere, kuyeza kutalika kwa nsonga ndi kuona mmene kamkombero ka mkati kadadukira.